Mitengo ya matabwa yobadwira m'botolo: somatic embryogenesis ndi chiyani, nanga mlombwa ndi mukula zingapindule nayo?

Kuyambira mu 2019, pamene mayiko a m'pangano la CITES anaika mukula pa mndandanda wachiwiri, wa zomera zimene malonda ake a kunja amafuna chilolezo, nkhani ya mitengo ya matabwa siinazizirenso. Mu 2022, pamsonkhano wa ku Panama, anawonjezerapo mlombwa, mbawa ndi msambamfumu za mu Africa muno. Akalipentala a ku Chipata, Katete ndi Petauke anali atadziwa kale pangano lisanalembedwe: thabwa lotambalala la mlombwa, loti n'kupangira chitseko popanda kulumikiza, likuchokera kutali chaka ndi chaka.

Pokamba za kubzalanso mitengoyi pamatuluka mawu akuti "mbande za mu labotale", ndipo ophunzira za nkhalango amatchula dzina lalitali loti somatic embryogenesis. Apa m'pamene anthu amasokonezeka. Wina amati ndi GMO. Wina amamva ngati mlombwa wa m'botolo udzachekedwa pakatha zaka zisanu. Wina amati n'chimodzimodzi ndi mbande za nthochi za tissue culture zimene alimi ena anagulapo. Awiri oyambawo sizili choncho, wachitatuyo wayandikira koma sanafike.

Njere ilipo, nanga botolo n'lachiyani?

Njere ndiyo njira yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo idzakhalabe choncho. Koma njere za mitengo yathu ya matabwa zili ndi makhalidwe ake. Chipatso cha mlombwa n'chozungulira, phiko m'mbali, minga pakati, njere ili m'chikhokho cholimba. Kuitulutsa osaiphwanya ndi ntchito ya lumo ndi kuleza mtima, ndipo m'tchire zomera zimakhala zochepa. Ikamera, kamtengoko kamachita chinthu chokhumudwitsa obzala ambiri: chilimwe chilichonse kumtunda kumauma, mvula ikagwa kumaphukanso, chonsecho muzu ukukula pansi. Zimatha kutero zaka zingapo zotsatizana mpaka chaka chimene thunthu lenileni limanyamuka. Wosadziwa amati mbande yafa, n'kulimapo.

Mbawa imamera mosavuta, koma njere zake sizisungika. Zikakhala miyezi yochepa m'nyumba yotentha, mphamvu yomera imatha. Ikakula pang'ono imakumana ndi mbozi ya Hypsipyla imene imaboola nsonga, mtengo n'kuchita mphanda m'munsi, thabwa lalitali n'kutayika.

Vuto loposa onsewa ndi la mtundu. Njere ili ndi make ndi atate ake. Make mukumuona, koma mungu unachokera kumene simukudziwa, choncho ana a mtengo umodzi wowongoka amatuluka osiyanasiyana. Komanso ocheka matabwa amayamba ndi mitengo yowongoka ndi yonenepa, yotsala yobereka njere n'kukhala yokhota ndi yamphako. Mlimi wa chinangwa alibe nkhawa imeneyi. Akaona chinangwa chokoma amadula mtengo wake nabzala, ndipo chotuluka n'chomwechija, osati chongofanana nacho. Zonse zimene tikambe pano ndi kuyesa kuchitira mtengo wa matabwa zimene mlimi amachitira chinangwa.

Pa mitengo ina zinatheka popanda labotale. Bulugamu wa m'minda ikuluikulu ya ku Brazil ndi ku Congo wakhala akuchulukitsidwa ndi timphukira todula kuyambira m'ma 1970. Mlombwa nawo, mzati wauwisi ukazikidwa pampanda nthawi zina umaphuka. Koma mzati umodzi umadya nthambi yaikulu imodzi, yambiri siigwira, ndipo yogwirayo siikhala ndi muzu waukulu wolowa pansi umene mbande ya njere imapulumukira pachilala.

Tissue culture

Uku ndi kulera kachidutswa ka chomera m'botolo lotsekedwa, mopanda nkhungu kapena mabakiteriya, pa chakudya chosakaniza anthu. Maziko ake ndi ganizo la Gottlieb Haberlandt wa ku Austria, amene mu 1902 ananena kuti selo limodzi la chomera lili ndi malangizo onse opangira chomera chathunthu. Iye anayesa, koma maselo ake sanagawikane, pakuti mahomoni a zomera anali asanadziwike. Mu 1957 Folke Skoog ndi Carlos Miller ku Wisconsin anaonetsa kuti homoni ya auxin ikachuluka kuposa cytokinin pamatuluka mizu, cytokinin ikachuluka pamatuluka mphukira. Mu 1962 Toshio Murashige ndi Skoog anasindikiza kasakanizidwe ka mchere ndi mavitamini kamene mpaka lero kamatchedwa MS, ndipo mu 1980 Lloyd ndi McCown anatulutsa kena ka mchere wochepa, WPM, popeza mitengo yambiri siigwirizana ndi mchere wochuluka wa MS.

M'botolomo muli njira ziwiri. Ya nthochi ija ndi yotenga diso la mphukira, kulipatsa cytokinin kuti libereke mphukira zambiri, kuzidula imodziimodzi, kenako kuzimeretsa mizu. Teak wa ku Sabah ku Malaysia wakhala akuchulukitsidwa motere kuyambira m'ma 1990, pa mgwirizano wa Yayasan Sabah ndi bungwe la ku France la CIRAD. Njirayi imagwira, koma mphukira iliyonse imadutsa m'manja mwa munthu wogwira kampeni, ndipo mizu yake ndi yomera m'mbali mwa tsinde. Njira yachiwiri ndiyo nkhani yathu.

Mluza wopanda mungu

Tengani nsawa imodzi ya Chalimbana, muisende khungu, muigawe pakati. Pamene zigawo ziwirizo zimalumikizana pali kanthu kakang'ono, mbali imodzi yosongoka, mbali ina yokhala ndi timasamba topindika. Kameneko pamodzi ndi zigawo ziwirizo ndiwo mluza: chomera chathunthu chimene chili m'tulo, muzu ndi mphukira zili kale m'malo mwake. M'chilengedwe mluza umapangika mungu ukakumana ndi dzira la m'duwa. Somatic embryogenesis ndi kuchititsa selo wamba la thupi la chomera kuyamba ulendo womwewo popanda mungu. Chotuluka ndi mluza weniweni wa mbali zonse ziwiri, kungoti ulibe khungu ndi chikhokho, ndipo malangizo ake onse ndi a chomera chimene selolo linachokera.

Anayamba kuziona pa karoti mu 1958, F. C. Steward ku Cornell ku America ndi Jakob Reinert ku Germany, aliyense payekha. Pa mitengo, mmodzi mwa oyambirira anali P. S. Rao wa ku India, amene anagwira ntchito pa sandalwood mu 1965. Chaka chimene chinasintha zinthu kwa olima nkhalango ndi 1985, pamene magulu a ku Sweden ndi ku Czechoslovakia anapanga miluza ya Norway spruce, mtengo wa matabwa wa banja la paini.

Chimene chimakopa akatswiri si kukongola kwa njirayi ayi. Maselo obereka miluza amachulukana okha m'chakudya chamadzi popanda wowadula, ndiye botolo limodzi limatha kubereka miluza zikwizikwi. Mluza umamera ndi muzu wake wolowa pansi monga mbande ya njere. Ndipo maselowa amaumitsika m'chisanu kwa zaka, chinthu chimene tiona kuti ndicho mtima wa nkhani yonse.

Kuchokera pa njere yosakhwima kufika pa kambande

Poyambira pabwino kwambiri ndi njere yosakhwima, mluza wake ukadali wofewa. Nyengo yake ndi yaifupi, masabata ochepa pachaka. Otolera amawerenga kuchokera pamene maluwa anamasula, natola zipatso sabata iliyonse mpaka atapeza msinkhu umene ukuvomera. Zipatsozo zimayenda m'bokosi lozizira ndipo sizigonetsedwa masiku ambiri.

Kutsuka kumayamba ndi sopo ndi madzi oyenda. Kenako spirit ya 70 peresenti kwa masekondi 30 mpaka 60, kenako sodium hypochlorite wa 1 mpaka 2 peresenti kwa mphindi 10 mpaka 20, muli dontho la Tween 20 kuti mankhwala alowe m'timing'alu, pomaliza kutsukuluza katatu ndi madzi ophedwa tizilombo. Jik wa m'sitolo amakhala wa 3.5 peresenti, choncho gawo limodzi la Jik m'magawo awiri a madzi limapereka kupitirira pang'ono 1 peresenti. Mukachepetsa nthawi, nkhungu imadzaza mbale sabata isanathe. Mukapitiriza, kachidutswa kamayera mbee n'kufa. Ubwino wa chipatso chosasweka ndi woti m'kati mwake ndi moyera kale, ndiye mumatsuka kunja mwamphamvu, n'kuchitsegulira pa tebulo la laminar flow, pamene pamawomba mpweya wosefedwa, ndi kampeni ndi kapanira zootchedwa pamoto.

Chakudya cha lita imodzi chimakhala chotere: magalamu 4.4 a ufa wa MS, magalamu 30 a shuga, magalamu 7 kapena 8 a agar wochilimbitsa, pH itakonzedwa pa 5.7 mpaka 5.8. Ikatsika kwambiri, agar salimba. Zonse zimaphikidwa mu autoclave, mpoto wophera tizilombo ndi nthunzi, pa madigiri 121 kwa mphindi 15 mpaka 20. Amene akugwiritsa ntchito pressure cooker adziwe kuti Chipata ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere mpoto umenewu umapereweza pang'ono kutentha kumeneko. Nthawi iyenera kuwonjezedwa.

Chodzutsa maselo kawirikawiri ndi 2,4-D. Alimi a chimanga amalidziwa dzinali, ndi mankhwala omwe aja ophera zomera za masamba otambalala m'munda. Ndi auxin wopangidwa kufakitale. M'munda amapha chifukwa cha kuchuluka kwake, koma m'botolo amaikidwa mamiligalamu 1 mpaka 5 pa lita, nthawi zina pamodzi ndi cytokinin pang'ono, monga BAP, kinetin kapena TDZ. Wa m'sitolo ya zaulimi sagwira, ali ndi zosakaniza zina zowononga maselo, pamafunika woyeretsedwa wa mu labotale. Mbale zimakhala mumdima pa madigiri 25, ndipo pakapita masabata 4 mpaka 8 pabala pamatupa chotupa cha maselo chotchedwa callus.

Apa pamafunika diso lozolowera, chifukwa callus ilipo ya mitundu iwiri pambale imodzi. Ina ndi yamadzimadzi, yotuwa, yokula msanga, ndipo siidzabereka kanthu ngakhale muilere chaka. Ina ndi yoyera kapena yachikasu pang'ono, yamibulumibulu, yonyenyeka mukaikhudza. Pa maikulosikopu maselo ake ndi aang'ono, odzaza, ndipo amafiira akathiridwa utoto wa acetocarmine. Imeneyi ndiyo yosankha. Imasamutsidwira pa chakudya chatsopano masabata 3 kapena 4 aliwonse, kapena kuikidwa m'chakudya chamadzi pa makina ogwedeza pafupifupi ka 100 pa mphindi. CIRAD inapanga botolo lotchedwa RITA, limene limamiza maselo kwa mphindi zochepa kangapo patsiku n'kuwasiya apume, ndipo lagwiritsidwa ntchito kwambiri pa khofi.

Chodabwitsa cha 2,4-D n'chakuti amayambitsa ulendo koma salola kuti upitirire. Bola alipo, maselo amangochulukana. Akachotsedwa, nthawi zina mothandizidwa ndi makala a activated charcoal oyamwa wotsalira, miluza imayamba kuumbika: poyamba kampira, kenako kooneka ngati mtima, kenako kotalika kosongoka, pomaliza ka timasamba tiwiri. Kuti ikhwime bwino amathira homoni ya ABA ndi kukweza shuga kufika magalamu 60 pa lita, kapena kuthira PEG, mankhwala ochepetsa madzi ofika m'maselo. Zimenezi zimauza mluza kuti madzi akuchepa, usunge chakudya, usafulumire kumera, monga zimachitikira m'chipatso chikamauma pamtengo. Ambiri amauwumitsanso pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Pokhapo umasamutsidwira pa theka la mchere wa MS, popanda mahomoni kapena ndi homoni ya GA3 pang'ono, pa kuwala kwa maola 16 patsiku, kuti umere.

Ena amakuta mluza uliwonse m'kampira kofewa: amauviika mu sodium alginate wa 3 peresenti n'kudontheza mu calcium chloride kwa mphindi 20 mpaka 30. Amati njere yopanga. Pa mitengo ya matabwa imeneyi ikadali ya mu labotale, si yoti n'kufesa m'munda.

Pamene zinthu zimafera

Mitengo ya matabwa olimba ili ndi utomoni wambiri wodzitetezera. Aliyense amene anatemapo mlombwa anaona utomoni wake wofiira ngati magazi. M'botolo, bala likakumana ndi mpweya limatulutsa mankhwala a phenol, chakudya chimada mozungulira kachidutswa pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, kachidutswako n'kudzipha ndi poizoni wake womwe. Zothandiza ndi kuviika mu ascorbic acid ndi citric acid musanabzale, kuthira PVP kapena magalamu 1 mpaka 2 a activated charcoal pa lita, kusunga mumdima, ndi kusamutsa masiku awiri kapena atatu aliwonse poyamba. Makalawo ali ndi vuto lake: amayamwanso mahomoni amene mwathira.

Palinso mabakiteriya okhala m'kati mwenimweni mwa mtengo wa m'tchire, amene Jik sawafika. Mbale imaoneka yoyera miyezi iwiri, kenako pansi pa callus pamatuluka kamtambo koyera, mzere wonse wa maselo ochokera ku kachidutswako n'kutayika.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, mtengo wina umavomera, mnzake wa mtundu womwewo umakana. Kuvomera kuli m'chibadwa. Izi zikutanthauza kuti labotale imadzisankhira yokha mitengo, osati chifukwa cha matabwa abwino koma chifukwa chomvera m'botolo, ndipo ziwirizi sizimayenderana nthawi zonse.

Miluza yambiri imatuluka yopunduka: timasamba tomatana ngati lipenga, kapena muzu wabwino wopanda diso la mphukira. Yotereyi imatulutsa muzu n'kuima pomwepo. Ndiye mukamva kuti labotale inapanga miluza zikwi zingapo, funso lofunsa n'lakuti ingati inasanduka mbande zamoyo m'nazale. Pa mitengo yambiri ya kumadera otentha, m'pamenepa pamene chiwerengero chimagwera. Zina zimamera koma masamba ake amakhala ngati galasi, odzaza madzi, ophwanyika, chifukwa cha chinyontho chochuluka, agar wochepa kapena cytokinin wochuluka.

Kenako pali tsiku lotuluka m'botolo. Kambande kobadwira m'chinyontho chodzaza kalibe phula lokwanira pamasamba, ndipo timabowo take topumira sitidziwa kutseka. Kakaikidwa pabwalo kamafota m'maola ochepa. Agar yense ayenera kutsukidwa kumizu, apo ayi shuga wotsalira amaitana nkhungu. Kamabzalidwa mu mchenga wa kumtsinje wophikidwa, wosakaniza ndi zofewetsa monga mankhusu ampunga ootcha, pansi pa pulasitiki ndi ukonde wa mthunzi, chinyontho chili pamwamba pa 90 peresenti, n'kumatsegula pang'onopang'ono kwa masabata 3 mpaka 6. Masamba atsopano akatuluka, ndiye kapulumuka. Koma dothi lophikidwa lilibe abwenzi a mizu. Mlombwa umadalira mabakiteriya a m'timibulu ta kumizu opereka nayitrojeni, msambamfumu umadalira bowa wokuta mizu, monga imachitira mitengo ya miombo. Popanda kuwabwezera, mbande imangokhala yachikasu, osakula osafa.

Kuno kwathu palinso vuto la magetsi. Chipinda cholereramo chimafuna madigiri 25 usana ndi usiku, pamene mu Okutobala kunja kumapitirira 30. Makina ogwedeza akaima, maselo a m'chakudya chamadzi amasowa mpweya. Kuzima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi a ku Kariba atatsika, kunaonetsa kuti labotale yotere popanda sola ndi mabatire akeake siingasunge ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi.

Mtengo umene mukuufuna ndiwo umakana

Mfundo iyi ndiyo yofunika kuigwira kuposa zonse. Mtengo wa matabwa umadziwika ubwino wake utakula: kuwongoka, kukula kwa mtima wofiira, kupirira mbozi. Koma maselo a mtengo wokhwima ndiwo ovuta kwambiri kuwabwezera ku mluza. Ovomera mosavuta ndi a njere yosakhwima, ndipo njereyo ndi mwana wa mtengo wabwino uja, si mtengowo. Ubwino wake sunadziwike. Pamenepa fanizo la chinangwa limaduka, chifukwa mlimi amadula chinangwa atalawa kale.

Olima spruce ndi paini ku Canada, America ndi New Zealand anazungulira vutoli ndi chisanu. Amatenga njere za makolo osankhidwa, njere iliyonse n'kuyambitsa mzere wakewake wa maselo. Gawo la mzere uliwonse limaikidwa mu nayitrojeni wamadzi pa madigiri 196 pansi pa ziro, pamene maselo sakalamba. Gawo lina limameretsedwa n'kubzalidwa m'minda yoyesera. Pakapita zaka, mizere yopambana ikadziwika, amaisungunula n'kuichulukitsa ikadali yanthete. Njirayi imafuna nayitrojeni wosadukiza kwa zaka zonsezo, ndi mabuku osasokonekera. Pa paini kuyesako kumatenga zaka zosapitirira khumi kuti chithunzi chioneke. Pa mlombwa, umene umatenga zaka makumi ambiri kuti ufike pochekedwa, amene anayamba ntchito sangadzaione mapeto ake.

Pali zitseko zina. Pa koko, ofufuza a ku yunivesite ya Penn State ku America anaonetsa mu 1998 kuti tizigawo ta duwa la mtengo wokhwima timabereka miluza, ndipo njirayi yafika pa mbande zambirimbiri ku Indonesia. Pa cork oak ku Spain agwiritsa ntchito masamba a mphukira zotuluka pa nthambi za mitengo yakale. Mphukira za pachitsa zimakhala ndi unthete umene nthambi za pamwamba zinataya, ndipo mitengo yathu ya miombo imaphuka pachitsa mwamphamvu. Kwa amene angafune kuyesa pa mitengo yakuno, pamenepa m'poyenera kuyang'ana.

Kodi ana a m'botolo amafananadi?

Kawirikawiri inde, koma osati nthawi zonse. Callus ikakhalitsa pa 2,4-D, maselo ena amasintha. Phunziro lodziwika ndi la kanjedza wa mafuta ku Malaysia m'ma 1980. Mbande za m'botolo zinkaoneka bwinobwino, koma zitayamba kubereka, zina zinatulutsa maluwa opunduka ndi zipatso zopanda mafuta okwanira, zina zosakhwima n'komwe. Chifukwa chake chinadziwika mu 2015: malangizo a m'selo sanasinthe, koma kachizindikiro kamene kamatseka kachigawo kena ka DNA kotchedwa Karma kanachoka. Kanjedza amaulula vuto lake m'zaka zochepa. Mtengo wa matabwa ungalibise zaka 20. N'chifukwa chake malabotale osamala amachepetsa 2,4-D, salola mzere kusamutsidwa kambirimbiri, ndipo amabwerera ku maselo a m'chisanu.

Kufanana kwenikweniko kulinso ndi ngozi yake. Munda wa mzere umodzi ukagwidwa ndi matenda, umagwidwa wonse. Olima nkhalango amasakaniza mizere yambiri, ndipo amasunga mitengo ya m'tchire ngati nkhokwe.

Si GMO

Ku Zambia mawu amenewa ndi olemera kuyambira mu 2002, pamene boma la Levy Mwanawasa linakana chimanga cha GMO cha chithandizo, ndipo mu 2007 panakhazikitsidwa lamulo loyang'anira zimenezi. GMO ndi chomera chimene malangizo ake asinthidwa dala mu labotale. Mu somatic embryogenesis palibe cholowetsedwa kapena chochotsedwa, mtengo ukungobwerezedwa. Chimene chimasokoneza n'chakuti opanga GMO amagwiritsa ntchito maselo omwewa ngati poyambira, chifukwa ndiwo amatha kubwerera kukhala chomera chathunthu. Chida n'chimodzi, ntchito n'zosiyana. Ndiponso botolo silifulumizitsa mtengo. Mlombwa wa m'botolo umakula ndi liwiro la mlombwa. Phindu limabwera pokhapokha ngati mzere wosankhidwawo uli wofulumira mwachibadwa.

Pamene zafika lero

Njirayi ikugwira ntchito pamalonda pa spruce ndi paini, pa kanjedza wa mafuta, pa koko, ndi pa khofi, monga ku Nicaragua kumene CIRAD ndi kampani ya ECOM anachulukitsa khofi wa haibulidi. Zonsezi ndi mbewu zokhala ndi makampani olipira kafukufuku zaka zambiri. Pa mitengo ya matabwa ya kumadera otentha chithunzi n'china. Miluza yapangidwapo pa teak, pa mahogany wa ku America, pa bulugamu ndi pa mitundu ina ya acacia, koma minda ikuluikulu ya teak ndi bulugamu imadalirabe njere, mphukira zodula ndi njira ya nthochi ija, chifukwa n'zotsika mtengo ndipo zimagwira. Minda ya kampani ya nkhalango ya ZAFFICO ku Copperbelt ndi ya paini ndi bulugamu. Mlombwa, mukula ndi msambamfumu zikuchokerabe m'tchire, ndipo kasakanizidwe ka mtengo wina sikasamutsika: kogwira pa teak kangakanike pa mbawa, ndiye mtengo uliwonse umafuna kuyesa kwakekwake kuyambira pachiyambi.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la ndalama. Amene amaikonda njirayi amati mitengo yabwino yotsala ikutha, ndipo kusunga maselo ake m'chisanu lero ndi kupulumutsa chimene mawa sichidzapezeka. Ena amati ndalama za labotale imodzi zingateteze kumoto ndi kumakala nkhalango yaikulu imene zitsa zake zikuphuka kale zokha, ndi kulipira otolera njere ndi anazale a m'midzi. Amakumbutsa kuti ntchito ya mitengo yobwezera chonde ya Gliricidia ndi Sesbania imene inayesedwa pa malo a kafukufuku a Msekera ku Chipata inafika kwa alimi chifukwa mbewu zake mlimi amatha kuzichulukitsa yekha. Njira ziwirizi zingayendere limodzi, koma zimapikisana pa thumba limodzi.

Lina ndi la chibadwa cha mlombwa. Kodi mbande yochokera ku mluza wa m'botolo idzaumanso kumtunda chilimwe chilichonse monga ya njere? Ngati pali mizere imene imafupikitsa zaka zimenezo, kuipeza kungasinthe zambiri, koma kumafuna minda yoyesera. Chimodzimodzi pa mbawa: kuchulukitsa n'kopanda phindu mpaka patapezeka mitengo yopirira mbozi kapena yodziwa kuwongokanso ikalumidwa.

Pali funso la umwini. Mtengo wabwino ukapezeka m'dziko la mfumu, m'nkhalango imene mudzi ukuyang'anira motsata lamulo la nkhalango la 2015, maselo ake n'kupita ku labotale ya ku Lusaka kapena kunja, mzere wotulukamo ndi wa yani? Zambia ili m'pangano la Nagoya lokhudza kugawana phindu la zachilengedwe, ilinso ndi lamulo la 2007 loteteza obereketsa mbewu zatsopano. Mmene awiriwa angakumanirane pa mtengo wa m'tchire wongobwerezedwa ndi nkhani yofunika kukambirana mbande zisanafike pamsika.

Wogula naye ali ndi lake. Mbande ya m'botolo ndi ya njere zimaoneka chimodzimodzi m'chubu. Ndani adzatsimikizira mlimi wa ku Chadiza kapena ku Lundazi kuti imene walipira ndalama zambiri ndi ya mzere woyesedwa, ndipo unayesedwa pa dothi ndi mvula zofanana ndi zakwawo? Mzere wopambana ku Copperbelt, kumene mvula ndi yambiri, ungalephere kuchigwa cha Luangwa.

Ndipo pali funso la nthawi. Ntchito zambiri za chithandizo zimakhala zaka zisanu, pamene munda woyesera mitengo ya matabwa umafuna kuyezedwa, kutetezedwa kumoto ndi kulembedwa kwa zaka 20 kapena 30. Ndi ofesi iti, yunivesite iti kapena mudzi uti umene ungatenge udindo umenewo, ndipo udzalipiridwa ndi ndani chithandizo chikatha?